Sikafodi ya M'magazi ndi Buluku Langa la Suti

Tchalitchi chathu cha ku Jumbe chili ndi denga lokongola, koma ine ndikamadutsa pamenepo ndimayang'ana mbali ina. Buluku langa la suti nalonso silinabwerere mwakale, ngakhale telala anayesetsa.

Zonse zinayamba ndi foni. Ndili ndi mwana wa mlongo wanga, Esinati, amene ndinamulera kuyambira ali wamng'ono. Anaphunzira mpaka ku yunivesite ku Lusaka, ndipo atamaliza anatsala komweko n'kumachita kafukufuku. Tsiku lina anandiimbira ndili kumunda, kumene netiweki imabwera mozemba ngati mkamwini watsopano.

"Amalume, mwaswera bwanji?"

"Ndaswera, kaya iwe mama. Kodi ntchito yako kwenikweni ndi yotani? Anthu kuno amandifunsa."

"Ndikufufuza za sikafodi," anatero, kenako phokoso, "imene imagwira zinthu pamodzi kuti..." Foni n'kuduka.

Munthu wanzeru akanaimbanso. Ine ndinabweza foni m'thumba ndikumwetulira ndekha. Sikafodi ndimaidziwa bwino: nsanja imene amisiri amakwerapo pomanga nyumba zazitali. Ndinangoti basi, pamtundu pathu patuluka injiniya.

Nthawi imeneyo n'kuti tikumanga tchalitchi chatsopano, ndipo ine ndinali m'komiti (sanandisankhe chifukwa chodziwa kumanga, koma chifukwa ndili ndi wilibala). Makoma anali atafika pamwamba, kutatsala denga. Mmisiri wathu, a Sakala, anali atayamba kuimika sikafodi ya mitengo ya tsanya, koma komiti inagawanika. Ena ankati tikabwereke yazitsulo ku Chipata, ena ankati yamitengoyo ndi yokwanira. Titakangana mpaka kukhosi kuuma, ndinaimirira.

"Abale, tikuvutikiranji? Mwana wa mlongo wanga amaphunzira za masikafodi ku yunivesite. Kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi sikafodi yokhayokha. Akubwera pa holide. Timudikire."

A Sakala anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itayamba kale kusonkhana. "Mvula siidziwa za holide," anatero. Koma mawu oti yunivesite ndi olemera. Wapampando wathu, Mayi Mbewe, analamula kuti ntchito iime, ndipo sikafodi ija inasiyidwa mmene inalili, mbali ina yomanga ndi zingwe, mbali ina yongotsamira khoma.

Nkhani inanenepa m'kamwa mwa anthu. Pofika Lamlungu ndinamva wina akuuza mnzake kuti Esinati ndi amene anakonza denga la pabwalo la ndege ku Mfuwe. Sindinavomere, komanso sindinatsutse. Ndinangoweramitsa mutu ngati munthu wosakonda kudzitama.

Esinati atatsika minibasi ya ku Chipata, ndinamuuza kuti a kutchalitchi akufuna kumva za ntchito yake. Mwanayo anasangalala mpaka maso kulengeza misozi.

"Zoona, amalume? Kuntchito ngakhale a chipinda choyandikana nafe safuna n'kumva komwe."

Anatenga kalendala yakale n'kuyamba kujambula kuseri kwake. Ndinasuzumira: chinthu chachikulu chozungulira, timizere, timadontho. Mkazi wanga anandikokera kukhitchini n'kundinong'oneza kuti, "Bambo, kodi tchalitchi chathu n'chozungulira?" Ndinamuuza kuti za anthu ophunzira asamazilowerere.

Loweruka tinasonkhana m'kati mwa makoma opanda denga aja. Amisiri anakhala kutsogolo, nyundo ndi matepi oyezera zili pamiyendo. Amayi a mumpingo anavala yunifolomu yawo. Ine ndinavala suti, kutentha kwa kuchigwa kuno kuli apo, n'kukhala pafupi ndi mlendo wolemekezeka kuti aliyense aone kuti magazi ndi amodzi.

Esinati anapachika kalendala yake pamsomali.

"M'magazi mwathu muli asilikali," anayamba motero, "maselo oyera amene amatiteteza ku matenda. Selo lotere likakhudzana ndi kachilombo, limakazindikira ndi khungu lake lakunja. Koma uthengawo uyenera kulowa mpaka m'kati kuti selolo liyambe kumenya nkhondo ndi kuitana anzake. Amene amanyamula uthengawo ndi mapuloteni angapo, mopatsirana. Ndiye pali puloteni ina imene ntchito yake ndi kuwagwira onsewo pamalo amodzi kuti apatsirane msanga. Iyo siimenya, imangogwira. Timaitcha sikafodi. Ikasowa kapena ikalakwika, uthenga umatayika panjira, ndipo mwana wobadwa choncho amadwaladwala."

Ine ndinkagwedeza mutu mwamphamvu. Ndinkaganiza kuti ndi fanizo, monga achitira abusa poyambira kutali, ndipo posachedwa afika pa denga.

A Sakala anakweza dzanja. "Pepani amayi. Sikafodi yanuyo imatalika mamita angati?"

"Simungaione ndi maso, bambo. Ngakhale pamakina a kuchipatala oonera tizilombo siioneka."

"Nanga munthu amaponda pati?"

Esinati anayang'ana a Sakala, anayang'ana nyundo zija, anayang'ana mitengo yotsamira khoma, kenako pang'onopang'ono anatembenukira kwa ine.

"Amalume, munawauza chiyani anthuwa?"

Apa m'pamene ndikanapepesa n'kukhala pansi. Anthu akanaseka pang'ono, nkhani n'kutha. M'malo mwake ndinaimirira n'kuvula jekete.

"Simunamumvetse mwanayu," ndinatero. "Sikafodi ndi sikafodi, kaya ya m'magazi kaya ya pakhoma. Wanena yekha kuti chachikulu ndi kugwira zinthu pamalo amodzi. Bwerani ndikuonetseni."

"Mbali imeneyo sitinamange," anatero a Sakala.

Ndinamva. (Ndikunena izi chifukwa alipo okoma mtima amene amanditeteza kuti mwina sindinamve.)

Ndinakwera mtanda wam'munsi, ndinakwera wotsatira, mpaka ndinafika pathabwa. Ndinaima chilili, dzanja limodzi m'chiuno, n'kuyang'ana mpingo wonse pansi.

"Mwaona? Yagwira."

Thabwalo linapendekeka modekha, ngati likundipatsa mpata woti ndilape. Ndinatsetsereka, ndipo chiputu cha nthambi ya tsanya chinandikola lamba kumbuyo. Ndinalendewera pamenepo, nkhope kuloza pansi, miyendo ikupalasa mphepo, amayi onse a mumpingo akuonerera. Ndinamva mkazi wanga akuti, "Musagwedezeke," ndipo ndinagwedezeka. Buluku linang'ambika ndi phokoso limene ndikukhulupirira kuti linamveka mpaka kumsewu, ine n'kugwera pamulu wa mchenga. Mayi Mbewe anamasula chitenje chawo chapamwamba n'kundifunditsa, mapewa awo akunjenjemera ndi kuseka.

Chodabwitsa n'chakuti msonkhano sunathere pamenepo. Ine ndikupita kunyumba m'chitenje cha wapampando, amayi aja anamuzungulira Esinati ndi mafunso a ana awo odwaladwala. Anawauza mosabisa kuti vuto la puloteni yakeyo ndi losowa kwambiri, kuti kawirikawiri kumakhala malungo kapena kuchepa kwa chakudya, ndipo kuti aziwatengera anawo kuchipatala msanga. Anabwera kunyumba dzuwa litapendeka, atanyamula nkhuku ya mphatso. Ine palibe anandipatsa kanthu.

A Sakala anamaliza sikafodi yawo yamitengo Lolemba, ndipo denga linakwera. Mvula yoyamba inatipeza tisanatseke mbali imodzi, n'kunyowetsa matumba ena a simenti. Komiti sinandidzudzule. Inangogwirizana kuti popeza ndimakonda ntchito ya manja, mchenga wonse wotsala ndituta ndine.

Pakugwa paja ndinasupuka pamwendo, ndipo posakhalitsa balalo linatupa, kufiira ndi kutentha. Esinati analiyang'anitsitsa mwachidwi chimene sindinachikonde.

"Taonani amalume, asilikali aja asonkhana. Sikafodi yanu ya m'kati ikugwira ntchito bwino kuposa mwini wake. Komabe tiyeni kuchipatala akalitsuke."

Panjira ndinamulonjeza, dzanja lili pamtima, kuti sindidzalengezanso ntchito ya munthu ndisanaimvetse. Anandikhululukira. Tinafika, iye n'kutsala panja pamthunzi wa mtengo.

Namwino akutsuka bala anandifunsa kuti mtsikana ndabwera nayeyo ndi ndani. Ndinayamba bwino ndithu.

"Ndi mwana wa mlongo wanga. Amafufuza za chitetezo cha m'thupi."

Pamenepo ndikanalekeza. Koma chitseko chinali chotsegula, pabenchi panja panali podzaza anthu, ndipo mawu aja ndinawamva kuti ndi opepuka kwa mwana amene ndinamulera ndekha. Ndinakweza mawu pang'ono.

"Kunena mwachidule, ndi dokotala wamkulu wa ku Lusaka."

Potuluka ndinapeza benchi ilibe munthu. Mzere wonse unali utasamukira pansi pa mtengo paja. Bambo wina anali atavula kale nsapato kuti aonetse chala, mayi wina atatulutsa lilime, ndipo pakati pawo Esinati ankasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu, kundifunafuna.

Ndinalunjika kumsewu osacheuka. Ndinaphunzira tsiku limenelo kuti mwendo wotupa umathamanga ndithu, ukakhala ndi chifukwa.