Tsiku lomwe ndinalira maliro a madamu ali moyo

Nkhani iyi kwathu sindinauze aliyense, chifukwa akaimva alamu anga sindidzapumanso.

Inali nthawi ya korona, ndege zitaima. Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kunja, kudziko la eni, m'dera lotchedwa Mirdif, kwa azungu a ku Mangalande. Madamu anatsekeredwa kwawo komwe anakaona mayi awo, ndiye m'nyumba monsemo tinatsala awiri, ine ndi bwana, bambo wachikulire wadazi, wosakonda zolankhula. Nthawi yomweyo ndi imene amuna anga, bambo a Tadala, anamwalira ku Ntcheu. Maliro awo ndinaonera pa zithunzi za pafoni. Sindinalire. Ungalire bwanji wekha m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini, popanda wokugwira paphewa? Ndinangopitiriza kukolopa.

Tsiku lina m'mawa bwana analankhula pafoni nthawi yaitali, dzina la madamu likutchulidwatchulidwa. Kenako anandipatsa suti yakuda, malaya oyera ndi katayi kakuda kuti ndisite. Anatulutsanso chipewa chakuda ndi magalasi akuda. Munthu amene miyezi yonseyi ankangokhalira kabudula!

Ndinaimbira Nachisale, mnzanga wogwira ntchito ku Al Furjan, dera lina la mumzinda womwewo.

"Amwali, kuno zavuta. Bwana atulutsa zakuda zokhazokha."

"Ndi magalasi omwe?"

"Ndi magalasi omwe."

"Khalasi, nkhani yatha, ndi maliro amenewo. Azungu misozi amabisa m'magalasi. Watisiya ndani?"

"Akungotchula madamu."

"Mayo! Ndiye inu muli pafoni m'malo mokakhala nawo?"

(Nachisale bwana anga sanawaonepo, koma pa nkhani za azungu sakayika.)

Mawu akewo anandilasa. Kukhala wekha pamaliro ine ndimakudziwa, ndipo ndinati munthu uyu sizimuchitikira ine ndilipo. Bwana ali kubafa, ndinachita zomwe timachita kwathu. Ndinakokera mipando yonse ya pabalaza kukhonde (sofa yaikulu ija inatsala pang'ono kundithyola msana), ndinayala mabulangete pansi, ndinamanga chitenje ndi duku, n'kukhala pakona nditatambasula miyendo.

Bwana analowa atanyamula kompyuta, n'kuima, kuyang'ana pabalaza pali mbee.

"Zikomo kwambiri! Mwadziwa bwanji kuti pafunika malo?"

Mumtima ndinati maliro ndi amodzi dziko lonse.

Pakompyutapo panaoneka nkhope m'timabokosi, abambo ndi amayi achikulire, akuda ndi azungu, onse m'zovala zakuda. Ndinati abale asonkhana. Kenako kunalira malipenga. Ndinati kwaya yawo ndi yotero, ngakhale inkathamanga kwambiri. Nditaona bwana akupinda mawondo, akuponya zigongono ngati munthu wothamanga pamalo amodzi, ndinati basi, chisoni chawazunguza mutu. Ndiye ndinayambitsa.

"Mayo ine! Madamu anga ine! Mwatisiyira ndani ife!"

Ndinayamba mongothandiza. Koma pakatikati mawu anasintha okha. Ndinangomva pakamwa panga pakutuluka, "Bambo a Tadala ine, mwapita osandidikira!" Pamenepo kusiya sindikanathanso.

Nyimbo inazima. Wina anandiitana dzina kuchokera pakompyuta. Anali madamu, amoyo ndithu, atavala diresi la mabokosimabokosi akuda ndi oyera, tambula ili m'manja.

Ndinafuna kuthawa, koma kulira kunali kusanathe. Bwana anavula magalasi n'kukhala pansi pambali panga, ndi suti yomwe. Mwa anthu a m'timabokosi aja palibe anachoka. Bambo wina anavula chipewa.

Nditatonthola, bwana anandiphikira tiyi (wopanda shuga wokwanira, koma ndinamwa) n'kundifotokozera. Nyimbozo amati ska. Zinachokera ku Jamaica, n'kufika ku Mangalande ndi anthu akuda amene anapita kukagwira ntchito, monga ifeyo kuno. Zitayamba kuiwalika, achinyamata a msinkhu wawo anazidzutsanso, nthawi imene ntchito zinkasowa ndipo m'misewu anthu ankamenyana chifukwa cha khungu. Iwo anayamba kuimbira limodzi, akuda ndi azungu gulu limodzi, n'chifukwa chake zovala zakuda ndi zoyera. Tsikulo anzawo akale anapangana zovina, aliyense kunyumba kwake.

"Pepani bwana, ndakuonongerani dansi," ndinatero.

"Ayi, simunaononge. Zambiri mwa nyimbozi n'zodandaula, kungoti ife timadandaula tikudumpha."

Mipando tinabweza awiri. Nditamuuza Nachisale anaseka mpaka kutsokomola, osavomera n'komwe kuti wondisokeretsa ndi iye. Kenako anafunsa, "Koma mwalira, amwali?"

Ndinati ndalira.

"Ndiye maliro ayenda bwino."

Ndaphunzira kuti kunyumba kwa eni uzifunsa usanatulutse mipando. Kungoti ndikanafunsa tsiku limenelo, bambo a Tadala akanakhala osaliridwa mpaka lero.