Makina a Mzungu ndi Fungo la Denja

Lolemba, 14 Okutobala 1996

Denja wapulumuka! Ndikulemba ndi chimwemwe.

Dzulo mkazi wanga Namakau anandipatsa sabata imodzi. Akuti pofika Lamulungu fungo la galu likhale litatha m'nyumba muno, apo ayi Denja apite kwa mlamu wanga ku Simonga. Sindikumuimba mlandu. Ali ndi pakati pa miyezi itatu, kafungo kalikonse kakumuchititsa nseru. Koma Denja ndinamutola ali kamwana kokwana m'chipewa, ndipo amandiperekeza ku Mukuni Park m'mawa uliwonse.

Ndiye lero mzungu wina wopalasa mabwato kunsi kwa mathithi waima pa tebulo langa la ziboliboli. Akubwerera kwawo, akufuna tisinthane katundu. Anzanga apata masokosi ndi zipewa. Ine? Makina oyeretsa mpweya! Chibokosi choyera, chotibowo kutsogolo ndi kumbuyo. Akuti chimameza fungo la ziweto, fumbi, ubweya, zonse, munthu n'kumapuma mosatsokomola.

Ndapereka:
mvuu ziwiri
nyamalikiti wothyoka khutu
Ng'oma waikana, akuti zikopa salola mundege. Basi zonse zisanu zikhalabe kuseri kwa sofa kudikira ogula.

Ndasenza pamutu mu Mosi-oa-Tunya Road monse. Anthu atatu andifunsa ngati ndi TV. Sindinakane.

Lachiwiri, 15

Pulagi yake sikulowa pakhoma pathu. Ba Mubita, aneba okonza mawailesi, aidula n'kulowetsa mawaya ndi timitengo ta machesi. Kagetsi kobiriwira kayaka! Makina akulira pansipansi ngati njuchi zili m'chitini. Ndavina pang'ono, palibe wandiona kupatula Denja.

Namakau wawakonda, ndipo apa ndiye pavuta. Wawafunditsa kansalu koyera koluka ndi manja, kaja ka pa wailesi, pamwamba n'kuikapo maluwa apulasitiki. Azimayi a mumzere wathu abwera kudzaona. Wina wapuma mozama pafupi nawo, akuti chimfine chake chayamba kale kuchepa.

Maola anayi. Fungo likadali pomwepo. Ndamuuza Namakau kuti makinawa sanazolowere mpweya wakuno, tiwapatse nthawi.

Lachitatu, 16

Ba Mubita apeza vuto: kansalu katseka timabowo tonse, makina akubanika. Namakau akuti, “Chinthu chodula sichinkala chamaliseche pamene pafikila balendo.” Takambirana mpaka tiyi wazizira. Tagwirizana kuti kansalu kazivalidwa kukabwera anthu okha. Anthu akubwera tsiku lonse.

M'bokosi muli kapepala ka malangizo. Chilankhulo chake palibe akuchidziwa, ngakhale aphunzitsi a kuseri kwathu, koma zithunzi zikumveka: zenera lotsekula lajambulidwa mtanda. Ndiye kuti titseke zonse! Ndatseka mazenera, chitseko, mpata wa kunsi kwa chitseko ndatsekapo ndi thaulo.

Mu Okutobala. Denga lamalata.

Namakau wasamukira pansi pa mtengo wa mango ndi mphasa yake. Ine ndatsala m'kati ndi Denja kuyang'anira sayansi. Zomwe mphuno yanga yawerenga pofika madzulo:
galu
thukuta langa
polishi wa ziboliboli
nsomba za kapenta za dzana
china chake cholemera, chimene ndikuganiza kuti ndi galu yemweyo
Zikuoneka kuti fungo lonse layamba kusonkhana. Chatsala n'kumeza basi!

Lachinayi, 17

Denja watulukira kuti makina akutulutsa kamphepo kozizira. Wachoka pamalo pake pa kuseri kwa sofa, wagona chagada pakamwa penipeni pa makina, miyendo m'mwamba. Tsopano mpweya woyeretsedwa ukudutsa mwa galu usanatipeze ife, ndipo wafika mpaka kuchipinda kumene sunkafika kale.

Ndamuchotsa kasanu ndi kawiri. Wabwerera kasanu ndi katatu.

Nzeru yatsopano: makina athandizidwe. Ndamusambitsa Denja pampopi ndi sopo wochapira zovala. Wangoti kuchoka m'manja mwanga, ulendo kukagubuduka mu ngalande. Walowa m'nyumba wonyowa, wadzikutumula pakati pa balaza. Namakau wathamangira kuseri kwa nyumba dzanja lili pakamwa. Ndamumvera chisoni kwambiri, wachepa thupi mkazi wanga. Ndamuphikira madzi a mandimu, sanandiyang'ane.

Masiku atsala atatu. Akwana!

Lachisanu, 18

Ndatsekula makina ndi mpeni. M'kati muli sefa yopindapinda, yakuda bii, yodzaza ubweya wofiira. Denja ndi wakuda. Ndiye kuti sabata yonseyi takhala tikupuma mphaka wa mzungu!

Koma vuto likapezeka, ndiye kuti latha. Ndatenga sefayo, sopo, bulashi, kupita nayo pampopi. Abale, inali ya pepala. Yasungunuka m'manja ngati buledi wogwera mu tiyi.

Ndayenda masitolo onse a mu Mosi-oa-Tunya ndi zotsala zake m'jumbo. Wina akuti ndiyese ku Bulawayo. Wina wandigulitsa kasopo konunkhira kopachika m'chimbudzi, ndilibe chifukwa chimene ndagulira.

Ba Mubita sanataye mtima. Akuti, “Ivo vakuda va mukati ni malasha chabe, ba neba. Malasha tili nayo.” Zoona, makala tili nawo thumba lathunthu! Tasinja makala mu mtondo, tawakulunga m'chidutswa cha neti ya udzudzu, talowetsa. Ndaitana Namakau kuti adzaone ndi maso ake. Ndayatsa.

Utsi wakuda phuu!

Zadetsedwa:
kansalu koluka
makatani
nkhope ya Ba Mubita
bulauzi yoyera ya Namakau yoimbira kwaya, yomwe anali atangosita n'kuyala pampando

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Wanyamula bulauzi ndi zala ziwiri n'kunena mawu amodzi okha: “Mailo.” Mawa, osati Lamulungu. Ba Mubita akumbukira mwadzidzidzi kuti asiya wailesi ya munthu ili yotsekula.

Loweruka, 19

Takwera lole ya mchenga kupita ku Simonga. Denja wasangalala njira yonse, lilime panja, akuuwa ng'ombe iliyonse. Akuganiza kuti ndi ulendo wokacheza.

Mlamu wamumangirira pa mtengo ndi chingwe cha mbuzi. Ndamufotokozera kuti galuyu sadya zozizira, amaopa bingu, ukamukanda kuseri kwa khutu lamanzere amagona. Mlamu wandiyang'ana ngati ndikumusiyira mwana wasukulu. Pochoka sindinatembenuke. Kulira kwake ndakumva mpaka pamsewu, ndipo ine ndemwe ndalira, ndinene zoona, buku ili ndi langa.

Kunyumba ndakolopa paliponse, ndatentha chiguduli chimene ankagonera, mazenera onse pululu. Namakau wandiikira ndiwo zambiri kuposa masiku onse. Sizinalowe.

Lamulungu, 20

M'mawa Namakau wathamangiranso kuseri kwa nyumba. Galu kulibe. Fungo lilipo, lonse, lathunthu.

Kenako wabwerera m'nyumba. Wayenda m'balaza mphuno patsogolo, wadutsa makina, wadutsa kabati, waima pa sofa. Wandiuza ndikankhe.

Ng'oma zanga zisanu. Zija ndinagula motchipa mwezi watha, ndikudzitama kuti wogulitsa ndamupusitsa. Zikopa za mbuzi sizinaume bwino, ubweya ukusosoka wokha, ndipo kutentha kwa Lachitatu kunamalizitsa ntchito. Zomwe zikuyenda kunsi kwa ng'oma yachitatu sindizilemba. Denja ankagona pamenepo chifukwa fungolo ankalikonda, osati kuti linali lake.

Namakau wandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako akuti, “So galu analibe mulandu. Bofunika kupelekewa ku Simonga munali imwe.”

Ng'oma zili padenga pa chimbudzi. Pofika masana m'nyumba mwayera, Namakau wadya mbale yonse koyamba sabata ino, mazenera ali otsekula, popanda kagetsi kobiriwira. Makina avala kansalu kochapidwa ndi maluwa ake. Namakau akuti akuoneka bwino, asayatsidwenso.

Lamulungu malole sayenda. Njinga ya Ba Mubita ilibe mabuleki, koma andibwereka. Ndakulunga fupa m'nyuzipepala. Ndili ndi zaka makumi atatu ndi ziwiri, posachedwa ndikhala bambo wa munthu, ndipo ndikupita kukapepesa galu.