Ndinagwadira Apongozi Pakati pa Nyanja

Mpaka lero ndikamadutsa padoko ndi beseni langa la usipa, sipalephera wina wofunsa kuti, "Amake Tadala, mawondo ali bwanji?" Ine ndimangozolika. Mawondo ali bwino ndithu, koma ndi omwewo amene anandichititsa manyazi.

Kwathu ndi ku Mua, m'munsi mwa phiri. Ndinakula ndi khasu, ndipo madzi amene ndinkawadziwa ndi a mumtsinje, olekeza m'akakolo. Nditakwatiwa ndi msodzi, ananditenga kukakhala kwawo kunyanja, kupitirira Mtakataka. Pondilanga, amayi anabwereza mawu amodzi mpaka anakhazikika m'mafupa: "Ukaona apongozi ako aamuna, patuka, gwada, usawayang'ane kumaso." Apongozi angawo, aMbewe, ndi munthu wofatsa, koma ndikangoona chipewa chawo ndinkapezeka ndili kale pansi.

Tsono akomiti ya padoko analengeza mpikisano wa mabwato, nati ulendo uno amayinso apikisana, atatu m'bwato lililonse. Mlamu wanga Nambewe, mlongo wa amuna anga, anali kale ndi mnzake, amake Shakira. Ankasowa wachitatu.

"Alamu, mikono ya khasu iyi ikungothera m'mbale," anatero Nambewe akundifinya phewa. "Mawa m'mawa ndikupezeni padoko."

Ndinafuna kukana, koma m'mudzimo ankanditchula kuti "wakumtunda uja", ndipo dzinalo linkandiwawa. Ndinati mwina nkhafi ingandichotsere.

Anthu inu, kupalasa bwato kuli ndi sukulu yake. Wokhala kutsogolo amamutcha wakumutu, ndipo ndiye mwini liwiro. Nkhafi yake ikalowa m'madzi, zanu nazonso zilowe. Wakumchira ndiye woongola komanso wolamula, ndipo ameneyu anali Nambewe. Ine ndinali wapamimba, wopalasa ndi kukapa madzi. Sukhala m'kati ngati uli m'minibasi ayi. Umakhala pamlomo pa bwato, miyendo yokha m'kati, moti ukangoyetsemula mosasamala anzako onse amadziwa.

Nambewe ali ndi mawu ake. Akati "Ponya!" ndiye kuti nkhafi zilowe pamodzi. Akati "Kumba!" muzamitse ndi kukoka ndi msana wonse (awa ndinawakonda, chifukwa kukumba ndiye kwathu). Akati "Gwira madzi!" muimike nkhafi kuti bwato lichepetse liwiro. Pokhota amati "Gonera!" natchula mbali, ndipo mupendekeke pang'ono pokha. Mkazi ameneyu ndimamugomera. Funde amaliona lisanabadwe, ndipo amatembenuza chimtengo chonsecho ndi kadzanja kamodzi ngati akutembenuza chitumbuwa m'mafuta.

Tsiku la mpikisano kunacha bata, mphepo ya mwera itagona. Lamulo linali lakuti tipite mpaka pa chigubu chachikasu choyandama patali, tichizungulire, tibwerere. Pambali pa chigubucho panali bwato la woyang'anira, woona kuti wina asadule njira. (Sindinafunse kuti woyang'anirayo ndani. Apa mpamene ndinalakwira.) Tadala ndinamusiya m'manja mwa bambo ake, ndinamanga chitenje zolimba, wenzulo n'kulira.

"Ponya! Ponya! Kumba, alamu, kumba!"

Ndinakumba ngati ndikupanga mizere mvula ili pafupi. Amake Shakira kutsogoloko ankangoti "Haya! Haya!" msana ukunyezimira thukuta. Mabwato ena anayamba kutsalira, ngakhale la amayi a tsidya la mtsinje amene ankadzitama sabata yonse. Kumtunda ndinamva anthu akukuwa kuti, "Wakumtunda akutha! Wakumtunda akutha!" Mtima wanga unakoma ngati uchi.

Tinafika pachigubu tili patsogolo.

"Gwira madzi! Gonera kumanzere!"

Pamenepo ndinadzutsa maso. Kudzanja lamanja, pafupi moti n'kukhudza ndi nkhafi, ndinaona chipewa chija. Apongozi.

Mutu sunaganize kanthu, thupi linadzilamula lokha. Ndinasiya nkhafi, ndinatsetsereka pamlomo paja, ndinadziponya kumanzere kuti ndiwapatukire, n'kugwada manja pamodzi.

"Mwadzuka bwanji, ba..."

Mawu otsalawo ndinawamalizira pansi pa madzi.

Nditavuuka ndinakakamira bwato, lomwe tsopano linali chafufumimba. Nambewe anatulukira pambali panga akulavula madzi.

"Alamu! Mwaona ng'ona?"

"Ayi."

"Nanga n'chiyani?"

"Abambo."

"Abambo atani?"

"Ndimawapatsa moni."

Amake Shakira anaseka mpaka anamwa madzi ena. "Walayi, ulemu uwu utipha!"

Apongozi anasendeza bwato lawo. Sanandigwire dzanja, poti mwambo nawonso amaudziwa. Ananditambasulira nkhafi nkhope atalozetsa kumapiri a Dedza, nati ndi mawu odekha, "Tadzuka bwino, mayi, kaya inu. Gwirani apa."

Ndinalakalaka nyanja itandimeza ndithu. Ndinapempha chapansipansi kuti andiperekeze kumtunda, koma Nambewe anakana.

"Bwato lonyamuka ndi atatu limabwera ndi atatu. Mukatsika inu, tonse atichotsa. Gwirani uko!"

Zimene anachita akazi awiriwa sindidzaziiwala. Analitembenuza bwatolo ali m'madzi momwemo, n'kumalikankha uku ndi uku mpaka madzi ambiri anakhavukira kunja. Amake Shakira anakwera ngati akukwera pakhonde, nandikokera m'kati. Nambewe anatola nkhafi yanga imene inkapita yokha ku Mangochi, nandiponyera chigubu chodula.

"Kapani, alamu! Kulira mukalirira kunyumba!"

Ndinakapa, kenaka ndinakumba. Mabwato onse anali atatipitirira, koma Nambewe sanasiye kulamula ngati tikutsogola. Pafupi ndi doko tinapitirira limodzi, la amayi amene anatopa n'kuyamba kukangana. Sitinakhale otsiriza. Pokocheza anthu anatiimbira m'manja kuposa opambana, ngakhale ena ankaomba atagwada, akundiyang'ana. Amuna anga anaseka mpaka Tadala anayamba kulira.

Patapita masiku, amuna angawo anabwera ndi nkhafi yatsopano, yopepuka, yosemedwa molingana ndi msinkhu wanga.

"Abambo akuti ndikupatse. Akuti pamtunda uzigwada, panyanja uzipalasa."

Dzina la "wakumtunda" linathera pomwepo. Tsopano ndine "wapamimba wa Nambewe", ndipo ndimalinyadira.

Kunena kuti ndinaphunzirapo kanthu, kaya. Dzana tikuyeserera, ndinaona chipewa chija chapatali, mawondo n'kuyamba okha kufewa, mpaka Nambewe anandigogoda ndi nkhafi pamsana. Panopa wakapempha akomiti kuti mpikisano ukubwerawu abambo asadzakhalenso pachigubu, adzakhale kumtunda pomalizira. Akuti kumeneko ndikhoza kugwada mmene ndingafunire, bola mutu wa bwato utagunda mchenga.