Ndinkafika Malaiti Asanafike

Amene akuganiza kuti ndinama aimirire manje manje, pompano, atenge laputopu yake yakufayo akaipereke kwa anyamata a m'tauni akamalize kuipha. Otsala khalani pa benchipo. Mwabwera pa shopu yanga muno mu Matero mukutukwanizana, uyu akuti mnzake ndi waulesi, uyo akuti ntchito yonse ya gulu yagwera iye yekha, ndipo mukundiyang'ana ngati ine Jere, wokonza mafoni wa imvi, sindidziwa za payunivesite. Ndinapitako ine. Pepala lili kunyumba mu felemu, ndipo ndikanama mphezi indiwombe dzuwa likuswa mtengo.

Sukulu ya makompyuta ndinailowa ndili kale ndi ana, moti a m'kalasi onse ankanditcha bamudala. Chaka chomaliza kunali phunziro la ntchito ya pagulu, ndipo phunziro limenelo linali litandigwetsa kawiri, osati chifukwa cha umbuli ayi, koma nzeru zanga zinkachuluka kwambiri mpaka anzanga a m'gulu ankathawa misonkhano. Lamulo la pasukulupo linali loti ukagwa kachitatu amakuchotsa, pepala osaliona mpaka kufa. Mkazi wanga anali atauza kale mpingo wonse kuti mwamuna wake ndi injiniya. Mantha ndinali nawo, sindibisa, ndipo nthawi imeneyo lamba ndinkamanga pa bowo lomaliza.

Mphunzitsi wathu anali ba Dokota Sakala, munthu wosaseka. Ataona kuti magulu onse akundilambalala, anandiponya kwa ana atatu: Mwansa, mtsikana wa ku Kalingalinga amene anali mtsogoleri, Mabvuto wa ku Chawama, ndi Bupe wa ku Kanyama. Kenako analengeza kuti tsiku loonetsa ntchito adzasankha munthu mmodzi mwa maere, ndipo zimene munthuyo adzayankhe ndiye malikisi a gulu lonse. Ana aja atamva choncho ananditembenukira onse pamodzi, Mabvuto mpaka anagwira m'mutu, ndipo ndinadziwa kuti ndi ulemu.

Ntchito yathu inali pulogalamu ya pafoni youza amayi a m'makomboni mpopi umene uli ndi madzi, kuti asamayende ndi zigubu pachabe. Bupe ankalemba nkhope yake, zimene munthu amaona pafoni. Mabvuto ankamanga nkhokwe yosungira mipopi yonse. Mwansa ankalemba gawo lotumiza uthenga. Koma laputopu inali imodzi gulu lonse, ya Mwansa, ndipo batire lake linafa kalekale, moti malaiti akangothima nayonso inkathima pompo. Chaka chimenecho malaiti ankayenda mosinthana: akayaka ku Kanyama ndiye kuti ku Chawama kulibe, akafika ku Chawama ndiye kuti a ku Kalingalinga akukoleza mbaula. Aliyense ankatha kulemba pokhapokha malaiti ali kwawo, choncho panafunika munthu wonyamula laputopu kuitsata kumene apita.

Poyamba ndinafuna kulemba pulogalamu yonse ndekha. Amati mutu umodzi susenza denga, koma amene ananena zimenezo sanaone wanga. Tsiku lina ndinakhala pa shopu ya wometa yokhala ndi jenereta, ndinatsegula laputopu, ndipo ndinalemba mothamanga mpaka zilembo zinafufutika pa mabatani, utsi unatuluka m'mbali, wometayo anawotcha chimanga pamwamba pake, ndipo laputopu inakomoka chifukwa khodi yanga inailemera. Itatsitsimuka, ntchito ya Mabvuto ya sabata yonse inali itapita. Mabvuto analira ngati pamaliro. Mwansa sanakweze mawu, anangoika pasiwedi n'kundiuza kuti, "Ba Jere, manja yanu yali na mphamvu maningi. Imwe muzinyamula chabe." Mwana wanzeru uja anazindikira kuti akuteteza makina.

Ndiye ndinanyamula. Mukumva? Basi sindinkakwera, chifukwa basi imadikira kudzaza pamene malaiti sadikira munthu. Ndinkachoka pa Matero laputopu ili mu thumba la ufa kumsana, kudutsa George, kugwera ku Kanyama, ndipo mphepo ya liwiro langa inkaumitsa zovala zonse zoyanikidwa m'njira, nkhuku zinkatsala zopanda nthenga, agalu ankauwa ine nditafika kale komboni ina, ndipo chithunzithunzi changa chinkatopa n'kutsalira, chinkabwera pambuyo pa minibasi chitakhala pafupi ndi kondakitala. Malaiti amayenda mu waya, sakhota, saponda matope, koma pakhomo pa Bupe ndinkafika ine poyamba, kukhala pansi, kumwa madzi, kufunsa za odwala, kenako ndiye babu n'kuyaka mwamanyazi.

Mvula itabwera Kanyama inasefukira monga mwa chizolowezi chake. Madzi anafika pa denga, anthu ankapatsana moni ali pa malata, koma ine ndinasenza laputopu pamutu n'kuyenda pansi pa madzi kuchokera pa msika mpaka njira ya ku Chawama, ndikupuma ndi payipi ya mpweya imene ndinabwereka kwa wokonza matayala, achule akundifunsa njira, ndipo nditatuluka laputopu inali youma gwa, kungoti m'matumba mwanga munali nsomba zokwanira ndiwo za banja la Mabvuto. Tsiku lina malaiti anathima ku Chawama Mabvuto asanasunge ntchito yake. Ndinaona malaiti otsala akuthawa mu waya, ndinaluma chingwe n'kuwameza, kenako ndinalowetsa chaja m'mphuno, laputopu n'kuyakanso mpaka anamaliza. Iwe wa chipewa chofiirawe, ukuseka chiyani? Bwera udzaone mphuno iyi, mbali imodzi ndi yokulirapo.

Koma liwiro lokha silimanga pulogalamu. Ana aja sankaonana, aliyense ankalemba zake ku komboni kwake, ine n'kungotula katundu ndi kuthamanga. Titalumikiza magawo atatu aja koyamba kuti tiyese, tinapempha azakhali a Mwansa kuti atsate zimene foni iwauze. Manje mukudziwa kuti m'komboni mpopi sudziwika ndi nambala, umadziwika ndi mayi wouyang'anira: pa ba Tembo, pa ba Phiri. Mabvuto anasunga mipopi yonse ndi mayina otero. Bupe, osadziwa, anaikonza mwa manambala. Ndipo ba Tembo mu Lusaka alipo ochuluka ngati mchenga. Foni inawatuma azakhali aja, mayi wamkulu wa mu kwaya, atasenza chigubu, mpaka pa bala ya ba Tembo ena ku Mtendere, ndipo anthu a mpingo wawo anawaona akulowa. Nkhani inafika kwa abusa iwo asanabwerere kunyumba.

Tinakumana pakhonde pa Mwansa, azakhali atatitsekera chitseko. Mabvuto ankaloza Bupe, Bupe ankaloza Mabvuto, monga mmene mwalowera inu muno. Mwansa anawasiya atope, kenako anaika lamulo, limene kunena zoona linali m'mutu mwanga kale, iye anangoyamba kulitchula. Anati palibe wopereka laputopu kwa ba Jere asanawafotokozere zimene walemba ndi chifukwa chake, ndipo ba Jere akafika kwa winayo asatule thumba asanabwereze zonse. Wolandirayo akapanda kumva, afunse, ndipo funsolo ba Jere alibweze kumene achokera.

Kuyambira pamenepo ana aja ankabweretsa ntchito yawo kwa ine kuti ndiivomereze. Bupe ankandikhazika pa mpando n'kundilongosolera batani lililonse, ine n'kumuuza kuti abwereze, osati kuti sindinamve, koma kufuna kuona ngati iye akudziwa. Nthawi zina ndinkamubwerezetsa mpaka mawu ankamuthera. Mabvuto ankajambula nkhokwe yake pa dothi ndi kamtengo, akupukuta thukuta, ndipo ndikalakwitsa dala pobwereza ankayambiranso osadandaula. Mwansa ndiye sankandilola kuchoka pakhomo ndisananene gawo lake ngati vesi loloweza. Mafunso ndinkawanyamula kupita uku ndi uku, ndi mkwiyo womwe, koma mkwiyowo ndinkautaya m'ngalande panjira, ndinkafikitsa funso lokha. Mutu unadzaza mpaka chipewa chinaleka kulowa, ndipo pothamanga ndinkayankhula ndekha mokweza moti amayi ogulitsa tomato pa Chawama anayamba kukangana za khodi.

Tsiku loonetsa ntchito linafika. Tinavala mataye, Bupe anabwereka jekete kwa mlongo wake. Ba Sakala anaponya makadi athu a sukulu m'chipewa, anapisa dzanja, ndipo linatuluka langa. Mabvuto anatseka maso. Bupe anayamba kupemphera chapansipansi. Ine ndinadziwa kuti ndikagwa apa ndapita, ndipo ndikokera m'dzenje ana atatu osalakwa. Mwansa anandikoka jekete n'kunong'ona: "Kambani chabe monga mumakambira pakhomo panga."

Ndinakamba. Mukumva? Ndinayambira pa nkhope ya Bupe, kulowa mu nkhokwe ya Mabvuto, kutulukira pa uthenga wa Mwansa, ndinafotokoza chifukwa chimene mpopi uliwonse tinaupatsa nambala ndi dzina pamodzi, ndinayankha mafunso asanafunsidwe, mawu anga anadutsa makoma mpaka ku Mtendere anthu anayamba kuvomera amen poganiza kuti ndi msonkhano wa chitsitsimutso, ndevu za ba Sakala zinamera ndikuona mpaka kugunda tebulo, ndipo malaiti amene anayenera kuthima nthawi imeneyo anakhala kaye kuti amve mathero ake.

Nditamaliza, ba Sakala analoza gawo loyamba n'kufunsa amene analilemba. Ndinati Bupe. Lachiwiri, Mabvuto. Lachitatu, Mwansa. Kenako anavula magalasi.

"Nanga imwe, ba Jere, mzere wanu ni uti?"

Ndinaganiza za mkazi wanga ndi mpingo wake. Ndikanatha kuloza mzere uliwonse, ndipo ana aja sakananditsutsa pamaso pa mphunzitsi, ndinaziona pa nkhope zawo. Icho ndicho chinandilepheretsa kunama.

"Palibe, ba Dokota," ndinatero. "Ine ndinkanyamula."

Ba Sakala anatenga cholembera, ndipo ndinaona kuti dzanja likupita kumene linapita zaka ziwiri zija, kukandigwetsanso. Apo Mwansa anaimirira, mwana amene sankayankhula asanalozedwe.

"Ba Dokota, funsani aliyense wa ise gawo ya munzake. Laputopu inali imozi, sitinankaleko pamozi kulemba. Ngati tiziwa, mufunse anatiuza ni ndani."

Ba Sakala sanakonde kuuzidwa chochita, koma anayesa. Anafunsa Bupe za nkhokwe imene sanaigwirepo, ndipo Bupe anayankha zonse, ndi katsokomola kanga komwe kamene ndimayambira nako nkhani. Anafunsa Mabvuto za uthenga wa Mwansa, Mabvuto anayankha akuloza kumwamba ndi chala monga ndimachitira ine. Kenako ba Sakala anati magulu ena amubweretsera anthu anayi ndi mapulogalamu anayi omata ndi malovu, koma apa waona pulogalamu imodzi. Analemba. Tinakhoza tonse, ndipo ine ndinatuluka panja n'kukhala pa sitepe. Ndinalira, inde, ndipo misozi yake anthu a ku Kalingalinga anatunga sabata yathunthu.

Manje inu mukuti munthu wosalemba mzere ndi injiniya wanji. Kodi mkulu wa asilikali amawombera mfuti? Laputopu yanuyi ndikonza, vuto ndi chaja chabe, koma mukatuluka muno aliyense akafotokozere mnzake gawo lake mpaka mnzakeyo alinene yekha.

Ana anga aja lero ndi mabwana. Mwansa ali ku Kitwe, akuyang'anira gulu lake la olemba mapulogalamu. Mabvuto ndi Bupe ali mu maofesi a m'tauni, amadutsa pa msewu uwu pa galimoto zotseka magalasi. Tsiku lolandira mapepala ndinawapatsa nambala yanga, ndinawauza kuti ntchito ikadzawakanika, usana kapena mvula, andiimbire ndidzathamanga. Nambala sindinasinthe, ndipo foni ndimaitchaja tsiku lililonse. Mpaka lero palibe amene waimba. Mukumva? Zaka zonsezi, anthu atatu, palibe chimene chawakanika ngakhale kamodzi. Ndiye mundiuze ngati mu Lusaka muno muli mphunzitsi wina woposa ine.