Tsiku Limene Thiraki Yanga Inalowa m'Tchalitchi

Kwa zaka zambiri anthu a mumpingo mwathu ankandidziwa monga munthu wosayankhula zambiri. Pakabuka mlandu ndinkakhala womaliza kutsegula pakamwa, ndipo kawirikawiri ndinkangoti, "Tiyeni timve kaye mbali inayo." Mbiri imeneyi ndinaimanga pang'onopang'ono ngati nyumba ya njerwa zootcha. Inagwa Lachinayi lina masana, ndipo woigwetsa ndinali ine ndemwe, nditakhala phee pampando m'nyumba mwanga.

Ndinayendetsa mathiraki nthawi yaitali, kuchoka ku Blantyre kudzera pano pa Mwanza, Zobue, Tete mpaka ku Beira. Bondo litayamba kuvuta ndinasiya. Patangopita chaka, mkazi wanga, amake Tadala, anatisiya. Kuyambira pamenepo ntchito yanga inali kukhala pakhonde n'kumayang'ana mathiraki opita kuboda, komanso kusunga makiyi a zokuzira mawu za kutchalitchi. Nyumba yanga ili kuseri kwa tchalitchicho, chotilekanitsa ndi mpanda wa nkhadze basi.

Mwana wanga Tadala amagwira ntchito ku Blantyre. Atabwera pa Khirisimasi anandionetsa pafoni anthu akuyendetsa mathiraki a pakompyuta. Ndi gemu chabe, koma amajambula n'kuika pa intaneti, anthu n'kumaonera.

"Ababa, taonani uyu mmene akubwerera m'mbuyo ndi ngolo."

"Ameneyo sanagwirepo chiwongolero chenicheni," ndinatero. "Akukhotera kolakwika."

"Nanga bwanji inuyo? Tsegulani tchanelo chanu. Muzisewera, muziwauza zoona zake za pamsewu, m'Chichewa. Kusiyana n'kumangokhala pakhondepa ngati mlonda."

Ndinaseka, koma nkhaniyo inandikhala mumtima. Ndinaipempherera masabata awiri. (Musaseke. Ine ngakhale mbuzi sindigula ndisanapemphere.)

Tadala anandilembera zofunika papepala: laputopu, chiwongolero, mapulogalamu awiri, mahedifoni ndi maiki. Ndinapita kushopu ya a Saidi pa boma, ndipo ndinasankha laputopu monga mmene ndinkasankhira galimoto. Ndinainyamula kuti ndimve kulemera kwake. Ndinaika khutu kuti ndimve kulira kwa fani. Ndinaloza yolemera kwambiri, yolira ngati ili pa giya yoyamba.

"Madala, imeneyo ndi yolembera makalata muofesi," anatero a Saidi. "Gemu ikangolowamo itsokomola."

Ndinaimbira Tadala. Iye amadziwa kuyankhula ndi bambo ake.

"Ababa, musayang'ane thupi. Funsani mbali imene imakoka zithunzi, imeneyo ndiye injini. Kenako funsani ramu, imeneyo ndiye ngolo. Injini yaikulu ngolo yaing'ono, munyamula chiyani?"

Apo ndinamva. Ndinatenga ina yopepuka, yosaoneka bwino, koma yamphamvu. Chiwongolero ndi zopondera zake Tadala anazipeza zakale ku Limbe n'kuzitumiza pa minibasi. Mapulogalamu anali aulere: ina yojambula zimene zili pasikirini pamodzi ndi mawu, ina yodula pamene walakwitsa. Kuwaika kunatitengera masiku atatu pafoni, Tadala akungoti, "Dinani apo. Ayi, Ababa, osati apo. Mwatsekanso."

Chinatsala ndi maiki. Papepala analemba bwinobwino kuti, "Kamaiki kachingwe kolowetsa m'laputopu." Apa m'pamene ndinadziona wochenjera. Kutchalitchi kuli mamaiki awiri opanda chingwe, ndipo Lachinayi amayi amagwiritsa ntchito imodzi yokha. Ndinaganiza kuti ngati maikiyo imapeza yokha sipika m'tchalitchi, ingalephere bwanji kupeza laputopu imene ili pamphuno pake? (Kubwereka osapempha kuli ndi dzina lake m'Malamulo Khumi. Ine tsiku limenelo ndinakutcha "kuyesa zipangizo".)

Lachinayi ndinatsegulira amayi monga mwa nthawi zonse. Ndinayatsa bokosi lolandira mawu, ndinakweza masipika, ndinapereka maiki imodzi kwa mayi Nangozo, wapampando wa amayi amenenso amayambitsa nyimbo. Inayo ndinaiponya m'thumba la jekete. Potuluka ndinawakumbutsa lamulo langa lakalekale: "Bokosilo pasapezeke wolikhudza."

Kunyumba ndinavala mahedifoni, ndinayatsa maiki, ndinati, "Halo, halo." Kamzere kobiriwira pasikirini kanadumpha. Mtima unati myaa, ndipo ndinadina poyambira kujambula vidiyo. Chimene sindinadziwe n'chakuti laputopu ili ndi kakhutu kakekake, ndipo n'kamene kankandimva. Maiki ija inkatumiza mawu anga kumalo okhawo amene imawadziwa, kuseri kwa nkhadze.

Za m'tchalitchimo ndinachita kuuzidwa pambuyo pake, aliyense akuwonjezera kake.

Ndinayamba ndi pemphero, poti sindinanyamukepo ulendo osapemphera. Amayi atamva mawu achimuna akutsika m'masipika kupempha chitetezo cha pamsewu, anaganiza kuti ndi abusa. Anawerama, ndipo pomaliza onse anati, "Ameni."

Kenako ndinaliza injini. Muyenera kudziwa kuti ndikakhala ndekha ndimayankhula ndi mkazi wanga. Sindinauzepo munthu. Kale ankandiperekeza ku Tete nthawi zina kukagula zitenje, ndipo chiwongolero chitangolowa m'manja ndinamuona pampando wapambali.

"Amake Tadala, mangani lamba, tanyamuka. Lero musagone panjira ngati ulendo uja."

Akuti m'tchalitchi gogo wina anayamba kusendera kukhomo.

Ndinayenda bwino ndithu, ndikufotokozera oonera mmene umatsikira phiri ndi katundu, kuti umadalira magiya osati kupondereza mabuleki. Mwadzidzidzi kagalimoto kofiira kanandilowerera kutsogolo popanda ngakhale indiketa.

"Chitsiru iwe! Laisensi unachita kutola pamsika wa mbuzi?"

Sindinalekere pomwepo. Panatuluka mawu ena achipwitikizi amene ndinkaganiza kuti ndinawataya pa mlatho wa Zambezi. Amayi amene ali ndi abale ku Zobue anawamva, ndipo mwaufulu anamasulirira anzawo. Wina anati azimitse bokosi. Mayi Nangozo anakana: "Mwini wake anati pasapezeke wolikhudza." (Ndikukhulupirira kuti kumvera sikunali chifukwa chokhacho.)

Ndikanalekera apo, bwenzi nkhani ili ya dalaivala wakale amene lilime linamuterereka. Koma msewu utawongoka, mtima uli m'malo, ndinatembenukira kumpando wopanda munthu uja.

"Amake Tadala, mahedifoni awa ndi dalitso. Lero Lachinayi, koma sindikuwamva mayi Nangozo. Mayi abwino, okonda Mulungu, koma akakweza nyimbo mumangoti ndi mabuleki a thiraki yotsika phiri la Zobue. Zaka zonsezi ndimawachepetsera maiki mwakachetechete, sadziwa."

Patapita kanthawi sikirini inachita mdima. Nditatembenuka, pawindo panali mayi Nangozo, duku loyera kumutu, maiki ili m'manja. Kumbuyo kwawo, mpaka kumpanda, kunali mabulauzi oyera okhaokha. Ndinavula mahedifoni. Thiraki yanga inapitirira yokha n'kukagwera m'dzenje, ndipo phokoso la mantha limene ndinatulutsa ndinalimva likubwerera kuchokera kutchalitchi.

"Abambo a Tadala," anatero mayi Nangozo modekha, "mabuleki afika."

Ndakhalapo pa boda masiku anayi mapepala atasowa, koma sindinatulukepo thukuta ngati limenelo. Ndinazimitsa maiki, ndinatuluka panja, ndinavula chipewa chimene sindinavale n'komwe. Ndinatulutsa makiyi a kutchalitchi n'kuwapereka ndi manja awiri.

"Mayi, ndachimwa. Ndatenga chinthu cha mpingo, ndatukwana, ndakunyozani. Makiyi ndi awa. Mukawauze akuluakulu apeze wina."

Anawayang'ana makiyiwo osawalandira.

"Za mawu angawa mudzapepesa Lamulungu pamaso pa anthu, ndipo maiki yanga simudzaichepetsanso. Koma makiyi sungani." Kenako anawonjezera kuti, "Zaka zitatu simunamutchulepo mnzathu uja pamaso pathu. Ife timati bambowa anaumitsa mtima. Kani mumayenda naye maulendo?"

Amayi ena ankapukuta m'maso, ena ankabisa kuseka m'zitenje, ena zonse ziwiri.

"Tsono tationetsani thiraki yakeyo," anatero mayi Nangozo, akulowa m'nyumba.

Anakhala pampando wanga, anagwira chiwongolero ngati lichero, anaponda moto. Sanafike patali. Kagalimoto kofiira komwe kaja kanawalowerera, ndipo mawu amene anatuluka pakamwa pa wapampando wa amayi sindingawalembe pano. Amayi onse anandiyang'ana kuti ndinene kanthu.

"Tiyeni timve kaye mbali inayo," ndinatero.

Lamulungu ndinapepesa, mpingo ukuseka mpaka abusa. Tadala atamva nkhaniyi anaseka mpaka misozi pafoni, kenako anatumiza kamaiki kachingwe pa minibasi yotsatira. Vidiyo ija tinaidula ndi pulogalamu yachiwiri ija, ndipo inatsala yaifupi kwambiri. Ndinafuna kuchotsanso pamene ndikuyankhula ndi mayi ake, koma iye anati, "Ababa, pamenepo musiye." Tinasiya.

Tchanelo chilipo ndipo chikukula pang'onopang'ono. Oyamba kuonera anali amayi a Lachinayi, ndipo tsopano madalaivala ena ogona pa boda amalemba kufunsa za magiya. Pakhonde paja ndimakhalapo mwa apo ndi apo.

Ndinaphunzira kuti chingwe n'chabwino, chifukwa umaona ndi maso kumene mawu ako akupita. Za lilime ndikupemphererabe. Kagalimoto kofiira kakandilowerera masiku ano, ndimayamba ndatseka maiki ndi dzanja, ndipo amene amamva ndi amake Tadala okha. Iwo anazolowera kalekale.