Kalavani Pamtsetse wa ku Etobicoke

Nzeru imeneyi inabadwira m'chipinda chapansi pa nyumba ina ku Brampton, kutsidya kwa nyanja, Lachisanu masana, mabotolo atachuluka patebulo kuposa anthu.

Mwini mavuto anali Medson. Vainess, namwino amene kuseka kwake kunkachititsa Medson kugwetsa makatoni kuntchito, anali atamuuza m'maso muli gwa kuti sangakwatiwe ndi mwamuna wogona kunsi kwa nthaka ngati mbewa. Medson, pakamwa pothamanga kuposa mutu, anayankha kuti ali ndi kalavani, nyumba yoyenda pamatayala, bedi, khitchini ndi chimbudzi zonse momwemo, ndipo Loweruka adzamutenga kukawerenga nyenyezi kunkhalango.

"Ndikakudikira pasiteji ya basi ya kumtsinje," anatero Vainess. "Ukabwera wopanda kalavani, usadzanditekisitenso."

Tsono Medson anakhala mutu uli m'manja pakati pa akatswiri awiri: Wyson, wotchedwa Pulofesa chifukwa cha mandala ake aakulu, ndi Laban Giya, amene kumudzi ankayendetsa minibasi pamsewu wa Limbe ndi Thyolo.

"Aise, ukulira chani?" anatero Pulofesa. "Ku Etobicoke kuli mdala wina wa makwacha ake. Kalavani yake imangowothera dzuwa pabwalo, mwiniwake Loweruka amakasewera gofu. Tikaitenge dzuwa likuswa mtengo titavala majekete owala a anthu okonza misewu. Kuno wovala jekete yowala safunsidwa."

"Nanga mafuta?" anafunsa Medson. "Kagalimoto kako, Giya, singano yake imangogona."

Giya anaika botolo pansi ngati watukwanidwa.

"Mwana iwe, ine ndinkachoka pa Limbe ndi petulo wa m'kabotolo, anthu atathithikana mpaka pakhomo, n'kufika ku Thyolo wina atatsala. Mafuta amathera m'mutu mwa dalaivala. Zisiyire ine."

Anagundanitsa mabotolo. Medson anali ataona kale nyenyezi m'maso mwa Vainess.

Loweruka kubako kunali kosavuta mochititsa manyazi. Mayi wina woyendetsa galu anachita kuwabayibitsa. Koma atangokoleka kalavani, kagalimoto kaja kanakhala pansi ngati nkhuku yofungatira mazira, ndipo pofika kumapeto kwa msewu singano ya mafuta inali ikutsika maso akuona.

"Ima kaye, ndagugula pa intaneti," anatero Pulofesa, mphuno ili pafoni. "Akuti poyenda ndi kalavani usathamange, tseka mawindo mphepo isakukoke, zimitsa choziziritsa, ndipo chepetsa katundu. Izi zimakhala ndi mathanki a madzi. Kunyamula madzi m'dziko la nyanja zokhazokha? Ndikataye."

Anatsika, n'kugwada pambali pa kalavani, n'kukoka chogwirira chakuda. Zimene zinatuluka sizinali madzi. Zinali zonse zimene banja la mdala uja linasiya m'chimbudzi paulendo wawo watha, zitapsa bwino ndi dzuwa lotentha la Julayi wakuno. Pulofesa anayesa kubwezera chogwirira chija koma chinamutsalira m'manja.

"Yendetsa! Yendetsa, mani!" anakuwa Pulofesa.

Anayenda ngati maliro, mawindo ali tseke, thukuta lili kamukamu, Pulofesa akununkha kumpando wakumbuyo, mzere wakuda ukuwalondola pamsewu. Magalimoto ankaimba mahutala. Medson ankangoyang'ana nthawi. Fungo si kanthu, anadziuza. Chikondi chilibe mphuno.

Kenako msewu unapendekera kumtsinje. Nkhope ya Giya inawala ngati waona kwawo.

"Mtsetse! Anyamata, apa mpamene timadyera ife. Penyani sukulu."

Anaika giya pa fili, n'kuzimitsa injini, monga ankachitira potsika mapiri a tiyi. Kunangoti zii. Giya anayamba kuimba muluzu.

Muluzuwo sunakhalitse. Chiwongolero chinauma gwa. Anaponda mabuleki kamodzi, kawiri, kachitatu anali ngati akuponda mwala. Kumbuyo nyumba yathunthu inkawakankha mokondwa.

"Liza injini!" anakuwa Medson.

"Ukudziwa mafuta amene amapita poliza?"

"Liza, iwe!"

Kumunsi, pafupi ndi siteji ya basi, panaima galimoto ya polisi, wapolisi akudya sangweji yake mwamtendere. Anaigunda kumbuyo, phu! Osati mwamphamvu kwambiri ayi, kungoti sangweji inathawira pagalasi.

Pasitejipo panaima Vainess, atavala diresi lachikasu, kachikwama ka paulendo kali m'manja. Medson sanamuonepo atakongola chomwecho.

"Tikukonza msewu, bwana ofesala," Pulofesa anayamba m'Chingerezi, akuloza jekete. Asanamalize, galimoto yaikulu inaima kumbuyo kwawo. Anatsika mdala wa kapusi ya gofu, atatseka mphuno. Sanafunse njira kwa munthu: anangolondola mzere uja kuchokera kumapeto kwa msewu wa kwawo.

Wapolisi anaona mmene Medson ankamuyang'anira mtsikanayo, ndipo anafunsa Vainess ngati akuwadziwa anthuwa. Vainess anayang'ana kalavani imene inali ikudonthabe, anayang'ananso Medson.

"Sindinawaonepo," anatero. Basi itafika anakwera osacheuka.

Wapolisi anawapanikiza atatu onse kumpando wakumbuyo wa galimoto yake. Giya ankang'ung'udza kuti wapolisiyu wasiya injini ikulira galimoto itaima, kuwononga kwake. Medson anatsamiza chipumi pagalasi, akutsatira basi ndi maso, n'kumwetulira.

"Koma mwaona, anyamata? Anabwera ndi chikwama."