Mmene Don Anacleto Anasankhira Nyumba Yoyenda

Don Anacleto Ferreyra ankadziwika ndi chinthu chimodzi kuno ku Santa Brígida: kusankha nyumba yoyenda koma osaigula. Ndikunena magalimoto aja okhala ndi bedi, mbaula ndi chimbudzi m'kati. Anayamba kusankha tsitsi lili bii, imvi zinawapeza akusankhabe. Mpaka mnyamata akachedwa kukwatira, tinkati wagwidwa ndi matenda a Don Anacleto.

Amene sankaseka nawo anali akazi awo, Doña Herminia. Mayiwa anabadwira m'chigwa chathu chino cha udzu ndi ng'ombe, ndipo nyanja yamchere anali asanaionepo. Tsiku la ukwati amuna awo anawalonjeza kuti adzapita nawo ku Monte Hermoso akaviike mapazi m'madzi, osati pa basi ngati katundu, koma m'nyumba yawoyawo ya matayala. Lonjezolo linakalamba nawo limodzi.

Bamboyo ntchito yawo inali yokonza mipope yoyendera mphepo m'mafamu, choncho ulendo wa miyezi sukanatheka. "Ng'ombe sizidziwa tchuthi," ankatero. "Ife tizidzayenda mu Januwale ndi Loweruka lina ndi lina basi. Masiku ena onsewo galimotoyo izidzangokhala pabwalo. Ndiye musandionetse yodziwa kuthamanga. Ndikufuna yodziwa kuima."

Yodziwa kuima, kwa iwo, inali ya denga losadontha, batire losafa likagona mwezi, ndi mipando yosaitana makoswe. Akafika kwa wogulitsa ankapempha makwerero ndi ndowa, n'kuthira madzi padenga, akazi awo atawakhazika m'kati kuti akuwe akanyowa. Doña Herminia ananyowa m'magalimoto a chigawo chonse cha La Pampa.

Ku General Acha kunali mkulu wina amene ankagulitsa chibasi chosandutsidwa nyumba. Don Anacleto anachizungulira, anagogoda thanki ya madzi, ananunkhiza paipi ya gasi, kenako anavula nsapato n'kugona pabedi. Inali nthawi yopuma masana, ndipo kwathu kuno munthu wogona masana sadzutsidwa ngakhale ndi wapolisi. Mwini galimoto anadikira pamthunzi mpaka dzuwa kupendeka.

"Mwagona bwanji, bwana?" anafunsa atadzuka.

"Bwino kwambiri. Chiyambire chaka chino sindinagonepo chonchi."

"Ndiye tigwirane chanza?"

"Ayi, achimwene. Chibasi ichi pachipata changa sichingalowe. Ndinachiona ndikungotsika."

Ogulitsa ena ankaona ngati tiyi wathu wa masamba a yerba awafewetsa. Mwambo mukuudziwa: chikho chimazungulira, mwini nyumba amathirabe madzi otentha mpaka mlendo atanena kuti zikomo, kutanthauza kuti wakwanira. Don Anacleto zikomo sankamudziwa. Ankamwa, n'kubweza chikho, n'kufunsa za mabuleki. Ankamwanso, n'kufunsa ngati chimbudzi chimatsukika munthu osagwada. Mayi wina wa ku Santa Rosa anawiritsa ketulo mpaka gasi anatha, ndiye Don Anacleto anapukusa mutu n'kunena kuti galimoto yotha gasi msanga chonchi siingawathandize.

Pobwerera Doña Herminia ankangoyang'ana pawindo. Manyazi anali atawatha kalekale, chotsala chinali kutopa.

Kenako chaka china, m'nyengo yozizira, Don Anacleto anatsika pa mpope wina ali wefuwefu, milomo itachita mbuu. Dokotala sanabise mawu: mtima watopa, zokwera m'mwamba zithe, ndipo ngati pali chimene akufuna kuchita, asachisungire chaka chamawa. Atafika kunyumba bamboyo anatenga nyuzipepala n'kuyamba kuwerenga za magalimoto ogulitsa ngati palibe chachitika.

"Iyi ili ndi shawa, koma akuti thanki yake ndi yaing'ono," anatero.

Doña Herminia anawalanda nyuzipepalayo. "Anacleto, ukufuna nyanjayo ndikaione iwe uli m'bokosi?"

"Fatsa, mkazi wanga. Kuthamanga si kufika."

"Nanga kukhala pansi ndiye kufika? Nkhalamba iwe, ndanyowa mokwanira."

Sabata yomweyo bamboyo anawatenga kukaona kagalimoto kena ka banja lachinyamata lomwe linkasamukira kunja. Kanali konyansa, ka mtundu wa dzungu lowola. Shawa munalibe, bedi linali lalifupi, padenga panali chigamba chooneka uli patali. Zonse zimene bamboyo anakana moyo wawo wonse zinasonkhana m'kagalimoto kamodzi. Doña Herminia anapita okha kukakhala pansi pa chigamba chija kudikira ndowa.

Ndowa sinabwere. Don Anacleto anatsegula chitseko cha dalaivala, anakankhira mpando kutsogolo mpaka pamapeto, n'kuwaitana.

"Khala apa."

"Ine? Chibadwire chiwongolero sindinachigwirepo."

"Khala basi. Mapazi akufika pansipo?"

"Akufika."

"Msewu ukuuona, kapena ukuona chiwongolero chokha?"

"Ndikuuona."

"Tapotokola. Chikulemera?"

"Ayi."

Bamboyo anatembenukira kwa mnyamata wogulitsa uja n'kutambasula dzanja. "Tagula."

Doña Herminia anamvetsa pomwepo, manja akadali pachiwongolero. Amuna awo sankasankhanso galimoto ya anthu awiri. Mtima unawawawa, ndipo anakwiya kwambiri, koma pamaso pa alendo sakanalira. Anangoti mtundu wake ndi woipa.

Maphunziro anachitikira pabwalo la mpira, tauni yonse itatsamira pampanda. Don Anacleto, munthu amene ankapezera chifukwa chilichonse, apa pakamwa panauma. Galimoto ikazima ankati yachita dala. Itagunda golo ya kum'mawa, anatsika, anayang'ana mtengowo, n'kulengeza kuti amene anauzika anauika pamalo olakwika. Golo imeneyo mpaka lero ndi yopendama.

Ananyamuka mu Januwale. Doña Herminia ndi amene anayendetsa njira yonse, pang'onopang'ono ngati ngolo, malole atandondozana kumbuyo akuliza mahutala. Don Anacleto ankatulutsa dzanja pawindo n'kumawabayibitsa. Atafika kunyanja, bamboyo mphamvu zoyenda pamchenga analibe. Mayiwo anaimika galimoto chammbali, chitseko chachikulu chitayang'ana kumadzi, n'kuwakhazika pakhomo ndi chikho chawo m'manja. Kenako anavula nsapato n'kupita okha.

Anakhalitsa kumeneko, madzi akuwamenya m'miyendo, diresi atalikwinya m'manja. Pobwerera nkhope inali yonyowa, ndipo sanali madzi a m'nyanja okha.

"Bwanji?" anafunsa Don Anacleto.

"Ndi ozizira. Mchere wakenso wachuluka."

"Ukuona? Tikanayamba taona kaye nyanja zina."

Doña Herminia anaseka mpaka kukhala pansi pamchenga. Awiriwo anakhala kunyanjako mpaka mwezi unatha, mvula ikagwa akutchera mphika pansi pa chigamba, ndipo palibe tsiku limene bamboyo anadandaula.

Don Anacleto anamwalira mu Meyi, kuzizira kukuyamba, ali pabedi la kunyumba kwawo. Pamaliro panabwera ngakhale mkulu wa chibasi uja wa ku General Acha, chipewa chili m'manja, n'kunena kuti makasitomala ogula waona ambiri, koma amene amamukumbuka ndi uyu yekha.

Masiku ano ku Santa Brígida anthu amagula zinthu msangamsanga, ndipo palibe wowanyoza. Munthu amabwera ndi galimoto yatsopano pabwalo la tchalitchi, timaiyang'ana, timati ndi yabwino, nkhani n'kuthera pomwepo. Tauni yazizira, ndipo Don Anacleto tikuwasowa.

Achibale analangiza Doña Herminia kuti agulitse kagalimoto kaja, poti mayi wamasiye wa msinkhu wawo alibe nako ntchito. Iwo anawathokoza chifukwa cha malangizowo, Lachisanu lotsatira n'kuliza injini. Amayenda ndithu, ulendo wina kunyanja, wina kumapiri, Lolemba n'kubwerera. Tikamva kulira kwa giya yoyamba, timakokera ana ndi agalu m'mipanda.

Koma pamphambano yotulukira mumsewu waukulu, pamene dalaivala saona bwino za kumanja, pamakhala kachizolowezi kamene tonse timakaona osakanena. Mayiwo amaima, amayang'ana kumanzere, kenako amadikira kuti wa pampando winawo anene kuti kulibe kanthu, pita, monga ankachitira amuna awo. Amadikira ndithu kanthawi. Kenako amaweramira kutsogolo, n'kudziyang'anira okha.